Chingwe cha HDMI cholumikizira DVD ku pulazima: ndachiyesa miyezi inayi

Ndinagula chingwechi pa Kamuzu Road kuno ku Salima, titangotsitsa kanema wachimimba uja n'kupachika pulazima ya mainchesi 32 pakhoma. DVD yathu ndi yakale ndithu, koma kumbuyo kwake kuli kabowo kolembedwa HDMI OUT komwe zaka zonsezi sitinkakalabadira. Tinkangosomeka zingwe zitatu zija, chachikasu cha zithunzi, chofiira ndi choyera za mawu. Pa kanema wakale sitinkaona vuto. Pa pulazima zinaonekera poyera: nkhope za anthu ngati zapakidwa phala, zilembo za m'munsi zosawerengeka, ndipo m'mphepete mwa zovala zofiira munkayenda timadontho ngati nyerere.

Mnyamata wa m'sitolo ananditulutsira zingwe ziwiri. China chakuda wamba cha mamita 1.5, china chamitu yagolide chokutidwa ndi ulusi, mtengo wake kuwirikiza kawiri. "Bwana, tengani ichi, chithunzi chake chimatuluka mbee," anatero. Ine ndinatenga chotchipacho chifukwa m'thumba munali mopepuka. Patapita masabata angapo aneba anga anagula chagolide chija, ndinachibwereka tsiku lina madzulo n'kuyesa zonse ziwiri pa chimbale chimodzi cha kwaya. Tinayang'anitsitsa anthu anayi, kusiyana kwake osakuona. HDMI imatumiza zithunzi ndi mawu ngati manambala, ndiye pa mtunda waufupi chonchi manambalawo akafika, afika basi. Golide sawonjezera kuwala. Chingwe chikakhala choipa mumachidziwa ndi kuthwanima kwa timadontho toyera kapena kuzima kwa chithunzi.

Tsiku loyamba chinandizunguza mutu. Nditasomeka, pulazima inangolemba No Signal, mpaka ndinakumbukira kudina Source pa rimoti n'kusankha HDMI 1. Chithunzi chinabwera chosalala bwino, zilembo zowerengeka ngakhale utakhala pakhomo. Koma zimbale zina, makamaka zomwe alamu anga anabwera nazo kuchokera ku Joni, zinali zii, anthu akungoyendetsa milomo. Ndinatsala pang'ono kubwerera kusitolo kukachita phokoso. Mwana wa achemwali anga ndiye anandipulumutsa: "Amalume, chingwe chilibe mlandu, lowani mu Setup." Pa gawo la Audio tinasintha kuchoka pa Bitstream kupita pa PCM, mawu nthawi yomweyo gwaa. Zimbale zimenezo mawu ake ndi a mtundu wina wotchedwa DTS, omwe pulazima yathu siimawamva, ndiye DVD iyenera kuyamba yawamasulira yokha. Wogulitsa uja sananditchulireko n'komwe zimenezi, ndipo m'kapepala ka chingwecho mulibe chilichonse.

Amene anakhumudwa ndi mayi a kunyumba. Iwo ankayembekeza kuti chimbale cha chinkhoswe chathu chioneka ngati mpira wa pa dekoda, aone bwino amene anavina pelekanipelekani ndi amene anangokhala. Ayi ndithu. Chimbale cha DVD cha mtundu wa PAL, womwe timagwiritsa ntchito kuno, chimasunga timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi. Makina akalemba 1080p, kutanthauza chithunzi cha timadontho tochuluka kuposa pamenepo, amangotambasula zomwezo kuti zidzaze galasi. Tsono chathucho anachiwotcha ngati VCD, yomwe ndi 352 kwa 288 chabe, ndiye chingwe chabwino chimangoonetsa bwino kuipa kwake. Azakhali awo akuonekabe ngati chithunzithunzi chovala chitenje.

Chomwe chimandinyansa ndi mutu wa chingwechi. Ulibe zomangira ngati chingwe cha VGA cha pa kompyuta, umangogwira ndi kuthina kwa bowo. Ana akasuntha tebulo posesa, chithunzi chimazima kamphindi n'kubwerera. Mamita 1.5 anachepanso, chingwe chimakhala chokokeka kuchokera patebulo kukafika pakhoma. Ngati pulazima yanu ili pakhoma, yezani kaye ndi chingwe cha mbuzi musanapite kukagula, mwina mungafune cha mamita 2 kapena 3. M'kamutumo muli timano 19 tating'onoting'ono, ndipo ndi fumbi la kuno la mu October ndinasiya zozulazula. Nditapeza kuti chakhala bwino ndinachimangirira ku mwendo wa tebulo ndi kalamba.

Mawu a pulazima yokha ndi opyapyala, ng'oma za kwaya sizimveka m'chifuwa. Choncho zingwe ziwiri zakale, chofiira ndi choyera, sindinazitaye: zikuchoka ku DVD kupita ku sabuufa, HDMI n'kumanyamula chithunzi, voliyumu ya pulazima n'kutsitsiratu kuti mawu asamamveke pawiri.

Chingwe cha HDMI chimenechi ndikuchipatsa nyenyezi 4 pa 5. Imodziyo ndachotsera mutu wogwederawo. Mvula ikayamba ndizichizula pamodzi ndi pulagi ya magetsi, chifukwa ziphaliwali za kunyanja kuno zinatiwotcherapo dekoda.