Kuonera masewero a pa TV pa tabuleti: zimene zimaoneka miyezi ikapita

Sabata zoyambirira tabuleti iliyonse imakoma kuonerapo. Sikirini yake ndi yotakasuka poyerekeza ndi ya foni, mumapita nayo kuchipinda kapena paulendo, ndipo simulimbirana rimoti ndi wina aliyense. Ndemanga zambiri zimalembedwa m'masiku amenewa, n'chifukwa chake zimangokamba za kuwala kwa sikirini ndi liwiro la pulosesa. Koma kuonetsa kanema si ntchito yolemetsa. Ngakhale tabuleti yapakatikati imaikwanitsa, poti m'kati mwa pulosesa muli kagawo kopangidwira ntchito imeneyi. Miyezi ikamapita zimayamba kuvuta ndi zina, ndipo zambiri mwa izo sizilembedwa pa katoni.

Chachikulu ndi Widevine. Iyi ndi njira ya Google yotetezera makanema kuti asamakopedwe, ndipo Netflix, Prime Video ndi Disney+ amadalira iyo pa tabuleti za Android. Magawo ake omwe mungakumane nawo ndi L1 ndi L3. Pa L1 kanema amatsekulidwa m'malo otetezedwa a pulosesa, ndiye eni makanema amalola kuti muone HD. Pa L3 ntchitoyi imagwiridwa ndi pulogalamu wamba, ndiye amangokupatsani chithunzi chotsika cha SD, kaya mukulipira pulani yapamwamba chotani. Pa foni ya mainchesi 6 mwina simungazindikire. Pa sikirini ya mainchesi 11 zimaonekeratu: nkhope zimakhala mbuu, tsitsi ndi udzu zimangosakanikirana, ndipo malo amdima amagawikagawika m'timabokosi. Ambiri amaloza chala intaneti, ena mpaka kusintha rauta, pamene vuto lili m'tabuleti momwemo. Chimawasokoneza n'chakuti YouTube imaoneka bwinobwino pa tabuleti yomweyo, chifukwa makanema ake wamba sadutsa m'chitetezo chimenechi.

Kufufuza kwake n'kosavuta. Mu Netflix pitani pa App Settings, kenako Playback Specification. Pamenepo pamalembedwa gawo la Widevine komanso chithunzi chapamwamba chimene tabuletiyo ikuloledwa kuonetsa. Pulogalamu ya DRM Info nayo imasonyeza gawoli. Werengani mizere yonse iwiri ya mu Netflix ija, chifukwa pali tabuleti zina zokhala ndi L1 zomwe Netflix sinazivomereze, ndipo pa izo pamalembedwabe SD. Dziwaninso kuti L1 si yamuyaya. Mukatsekula bootloader, kapulogalamu koyambitsa tabuleti komwe ena amatsekula kuti asinthe Android, imatsika kufika pa L3, ndipo pa zipangizo zina zachitikapo kuti update yolakwika yaitsitsa. Chithunzi chikasintha mwadzidzidzi patatha miyezi, yambani mwayang'ana pamenepa musanakhudze china chilichonse. Eni iPad nkhani iyi siwakhudza, poti Apple ili ndi njira yakeyake yotchedwa FairPlay.

Data imatha msanga kuposa momwe anthu amaganizira. Malinga ndi Netflix, ola limodzi limadya pafupifupi 0.3 GB pa Low, 0.7 GB pa Medium, kufika 3 GB pa HD ndi 7 GB pa Ultra HD. Munthu woonera maola awiri tsiku lililonse pa HD angathe kumaliza 180 GB pamwezi, pamene pa Medium ndi 42 GB. Ngati intaneti yanu ili ndi malire, lowani mu akaunti kudzera pa browser, musankhe mulingo pa profile iliyonse payokha, chifukwa kusintha imodzi sikusintha zinazo. Ultra HD pa tabuleti ndi kungotaya data: sikirini za tabuleti zambiri sizifika pa 4K, ndipo pa mainchesi 11 diso silingapindule nayo. Msampha wina ndi hotspot ya foni. Tabuleti ingathe kuiona ngati Wi-Fi wamba, ndiye zonse zomwe munaziuza kuti zizichitika pa Wi-Fi pokha, monga kudawuniloda magawo otsatira, zimayamba kuchitika pa data ya foni. Pa Android mungathe kuiuza kuti netiweki imeneyo ndi metered, kutanthauza ya data yokhala ndi malire, ndipo pa iPad pali Low Data Mode.

Kanema akamaimaima, nthawi zambiri vuto si kuchepa kwa liwiro. Netflix imafuna 5 Mbps yokha pa 1080p. Chimavuta ndi kusakhazikika kwa Wi-Fi m'chipinda chomwe mumaonera. Bandi ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imadutsa makoma, koma ndi yodzaza: marauta a nyumba zoyandikana ali momwemo, Bluetooth ilinso momwemo. Ya 5 GHz imakhala ndi mpata koma imafooka ikadutsa makoma awiri. Ngati mumaonera pafupi ndi rauta, ikani tabuleti pa 5 GHz. Ngati muli kutali, kudawuniloda kumaposa kulimbana ndi rauta.

Kudawuniloda ndiye mwayi weniweni wa tabuleti, ndipo Netflix inayamba kulola zimenezi mu 2016. Koma zodawunilodazo si zanu. Zina zimatha mphamvu pakadutsa maola 48 mutayamba kuonera, zina zimachoka seweroli likachotsedwa pa pulogalamuyo, ndipo Disney+ imafuna kuti tabuleti ilumikizidwe ku intaneti kamodzi pa masiku 30 aliwonse. Musanayambe ulendo, tsekulani pulogalamuyo muli pa intaneti, kenako zimitsani Wi-Fi n'kuyesa gawo limodzi. Ndi njira yokhayo yodziwira kuti zikasewera kumene mukupitako. Samalaninso ndi mabatani awiri oyandikana a pa Android. Clear cache imangochotsa zinyalala zosakhalitsa, pamene Clear data imafufuta zonse zomwe munadawuniloda ndipo imakutulutsani mu akaunti. Kuchotsa pulogalamu n'kuiikanso kumachita chimodzimodzi.

Tabuleti ya 32 GB imadzaza pakangopita miyezi yochepa, chifukwa gawo lalikulu limakhala litatengedwa kale ndi Android ndi mapulogalamu obwera nayo. Ikatsala pang'ono kudzaza imayamba kuchedwa pa chilichonse, ndipo update zimakana kulowa. Ya 64 GB ndiye poyambira, 128 GB ndiye pomasuka. Ngati ili ndi polowetsa memori khadi, Netflix imalola kusankha khadiyo pa Download Location, ngakhale zomwe munadawuniloda kale sizisamuka zokha. Mafayilowo amamangiriridwa ku tabuletiyo, ndiye mukaika khadi mu ina sasewera. Khadi yabodza, yolembedwa kukula komwe ilibe, imadziwika motere: magawo oyamba amasewera bwino, otsatira amakana kapena kuzimiririka.

Batire ndi lomwe limakalamba poyamba, ndipo kaonedwe ka masewero kamalikalambitsa msanga. Apple imati batire la iPad linapangidwa kuti lisunge 80 peresenti ya mphamvu zake likatchajidwa modzaza maulendo 1000, ndiye kutchaja pafupipafupi pakokha si vuto. Adani a batire la lithium ndi kutentha ndi kukhalitsa pa 100 peresenti, ndipo woonera masewero amachita zonse ziwiri nthawi imodzi: tabuleti ili pa tchaja, sikirini yawala mpaka pamapeto, kumbuyo kwatsamira pilo kapena bulangete, m'kati mwa kava wokhuthala. Kutentha kulibe kothawira. Apple imanena kuti iPad izigwiritsidwa ntchito pamalo osapitirira madigiri 35, ndipo bulangete limafikitsa kumbuyo kwa tabuleti pamenepo ngakhale chipinda chili chozizira. Zizindikiro zimabwera pang'onopang'ono. Sikirini imayamba kudzichepetsa kuwala yokha pakati pa sewero, kutchaja kumaima kaye, kenako maola omwe batire limakhala amayamba kuchepa moonekera.

Kupewa kwake sikulira zambiri. Tchajani musanayambe kuonera, osati mukuonera. Ngati tabuleti imakhala pa tchaja nthawi zonse, yatsani malire a kutchaja: Samsung ili ndi Battery protection yomwe imaimitsa pa 80 kapena 85 peresenti kutengera mtundu wa One UI, pulogalamu ya Samsung yoyendetsa tabuleti, ndipo iPad Pro ndi iPad Air za 2024 zinabwera ndi malire a 80 peresenti. Chepetsani kuwala, poti sikirini ndi yomwe imadya magetsi ambiri, ndipo usiku theka la kuwala n'lokwanira. Tchaja ya foni yakale ya 5 W siikwanira. Mudzaona batire likutsika chingwe chili cholumikiza, n'kumaganiza kuti lafa. Koma mukaona sikirini ikunyamuka m'mbali kapena kumbuyo kukutukumuka, batire latupa. Lekani kutchaja, musalikanikize kapena kulibowola, ndipo likasinthidwe.

Polowetsa chingwe napo pamatopa. Tabuleti ikagonekedwa cham'mbali, chingwe chimatulukira kumene kuli dzanja, ndipo chimapindidwa nthawi zonse. Chikayamba kugwira mwa apo ndi apo, musathamangire kuganiza kuti pathyoka. Nthawi zambiri ndi ulusi ndi fumbi zomwe zaunjikana pansi pa bowolo. Zimitsani tabuleti, chotsani ndi kamtengo kosongoka, osati singano kapena chitsulo chilichonse.

Kukula kolembedwa pa katoni si kukula kwa chithunzi chomwe mudzaone. Masewero ambiri ndi a 16:9. Pa iPad ya mainchesi 10.2, yomwe ndi ya 4:3, chithunzicho chimangokhala cha mainchesi pafupifupi 9.4, kwinako ndi mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Pa tabuleti ya mainchesi 11 ya 16:10 chimafika pafupifupi 10.7. Mizereyi imaoneka yakuda bii pa OLED, koma pa LCD m'chipinda chamdima imakhala yotuwa, ndipo m'makona nthawi zina mumatuluka kuwala. Poyamba sizidetsa nkhawa, koma mukangoziona kamodzi diso limabwererako.

Masipika ayang'aneni komwe ali, osati kuchuluka kwake kokha. Tabuleti zina zili ndi awiri koma onse kumbali imodzi yaifupi, ndiye mukaigoneka kuti muonere, mawu onse amachokera kumanja kapena kumanzere. Zokhala ndi sipika mbali zonse ziwiri zimasiyana kwambiri, makamaka pa masewero oyankhulana kwambiri. Mahedifoni a Bluetooth amachedwetsa mawu pang'ono, koma mapulogalamu akuluakulu amachedwetsanso chithunzi kuti zigwirizane. Milomo ikayamba kusemphana ndi mawu, imitsani kanema, zimitsani Bluetooth n'kuyatsanso. Zikapitirira, samutsani Wi-Fi kupita pa 5 GHz kuti isamalimbane ndi mahedifoniwo.

Amene akuganiza zolumikiza tabuleti ku TV ndi chingwe afufuze kaye ngati USB-C yake imatulutsa chithunzi. Zambiri zotsika mtengo sizitero, ndipo adaputa wamba singasinthe zimenezo. Ngakhale pa zomwe zimatha, adaputa yopanda HDCP, chitetezo choletsa kukopa kanema wodutsa pa chingwe, imapereka mawu okha pa sikirini yakuda. Netflix inasiya kugwira ntchito ndi AirPlay, njira ya Apple yotumizira kanema ku TV popanda chingwe, mu 2019.

Chimene chimathetsa ntchito ya tabuleti yoonera nthawi zambiri si kuwonongeka. Mapulogalamuwa amakweza mulingo wa Android kapena iPadOS womwe amafuna, ndipo tabuleti yomwe wopanga anasiya kuipatsa update imatsalira. Poyamba imangokhala ndi pulogalamu yakale yomwe imagwirabe, kenako tsiku lina imakana kulowa mu akaunti, sikirini ndi masipika zili bwinobwino. Pogula funsani kuti wopanga walonjeza update kwa zaka zingati, ndipo muziwerenga kuyambira chaka chomwe mtunduwo unatuluka, osati tsiku lomwe mwaugula. Tabuleti yomwe yakhala m'katoni zaka ziwiri yadya kale zaka ziwiri za lonjezolo.