Pansi pa vinyl tinakonza paja: chilimwe ndi dzinja zadutsapo

Amene anaona mmene matabwa a vinyl a pabalaza pathu anang'alukira akhala akufunsa ngati kukonza kuja kunagwira. Yankho lili pawiri. Mbali imene tinazula matabwa n'kuyamba tasalaza simenti ili bwinobwino mpaka lero. Thabwa limodzi la mu kolido, limene tinangosintha n'kumata ndi guluu osakhudza simenti, latsegukanso.

Nyumbayi ili ku Lilongwe, ndipo pansi pake ndi pa simenti yopakidwa polishi wofiira kwa zaka zambiri. Matabwa ake ndi a mtundu wa SPC, aja olimba osakaniza pulasitiki ndi ufa wa mwala wa laimu, okhuthala mamilimita 5, olumana okha m'mbali popanda guluu. Mmisiri woyamba sanayeze kalikonse, anangosesa n'kuyamba kuyala. Sipanapite nthawi, pakati pa sofa ndi chitseko panayamba kulira kuti tcha tcha munthu akaponda, kenako timilomo tolumikizira tinathyoka, ngodya za matabwa n'kutukuka.

Chimachitika n'chakuti thabwa la SPC silipindika kutsata simenti. Pamene palowa, ilo limangodutsa pamwamba ngati mlatho. Mukaponda limatsika, mukachotsa phazi limabwerera, ndipo chosenza zonsezi ndi kamlomo kopyapyala ka m'mbali kaja. Opanga ambiri amalemba kuti simenti isakwere kapena kutsika kupitirira mamilimita 5 pa mtunda wa mamita 3, ena amati mamilimita 3 pa mamita 2. Ife titagoneka chitsulo chowongoka cha aluminiyamu, pena chala chaching'ono chimalowa kunsi kwake osavuta.

Ntchito yeniyeni inali ya pa simentipo. Tinachotsa skirting, timatabwa tija ta m'munsi mwa khoma, n'kumazula matabwa mzere ndi mzere kuyambira kukhoma, tikulemba manambala kumbuyo kuti abwerere m'malo mwake. Kenako gilayinda, kupala mitunda ndi polishi yense. Fumbi lake linafika mpaka m'makabati otseka, koma sitepe iyi siyolumpha: polishi ndi phula, ndipo simenti yosalazira siigwira paphula, imadzasupuka mapalemapale. Tinamatanso pepala la pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, n'kulisiya tsiku lathunthu kuti tione ngati kunsi kwake kuchite thukuta. Kunali kouma. Titapaka primer, mankhwala othandiza kuti simenti yatsopano igwire pa yakale, m'pamene tinathira self-levelling compound, simenti yamadzimadzi ija imayenda yokha kudzaza molowa.

Apa owerengera ndalama amve bwino. Simenti imeneyi imalowa pafupifupi makilogalamu 1.7 pa sikweya mita iliyonse pa milimita imodzi ya kukhuthala. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 20 limangokwana masikweya mita 4 ngati mukuthira mamilimita 3. Imadula, ndipo imayamba kugwira pakangotha mphindi 20 kapena 30, choncho pamafunika anthu awiri, wina wosakaniza wina wothira. Mmisiri wina anatiuza kuti tingopaka simenti wamba ya mchenga. Tinakana, chifukwa simenti ya mchenga ikapyapyala choncho imafumbutuka, ndipo mumadzamva mchenga ukulira kunsi kwa matabwa. Wina anati tiwonjezere siponji yokhuthala kunsi. Imeneyo ndiyo imathyola timilomo msanga, pakuti matabwa athu anabwera kale ndi kasiponji kake komatiratu, ndipo kuwonjezerapo kumangopatsa thabwa mpata wotsikira.

Mayeso oyamba anali kutentha kwa Okutobala. Vinyl imafutukuka ikatenthedwa, n'chifukwa chake tinasiya mpata wa mamilimita 8 mpaka 10 kuzungulira makoma onse, wobisika kunsi kwa skirting. Pabalaza ponse sipanatukuke, kupatula pafelemu ya chitseko cha kukhonde pamene thabwa linali litagunda chitsulo. Dzuwa lamadzulo limalowa pomwepo. Tinalidulako pang'ono, tsiku lomwelo linagona, ndipo makatani tsopano timatseka masana. Dzinja linadutsa popanda fungo la chinyezi kapena madzi otuluka molumikizira. Pepala la pulasitiki limene tinayala pakati pa simenti ndi matabwa ndikuona kuti lathandiza, ngakhale simenti inali youma kale.

Zosasangalatsa zilipo. Matabwa atsopano amene tinagula olowa m'malo mwa othyoka ndi a dzina ndi nambala yomweyo, koma anapangidwa ulendo wina, ndipo mtundu wake ndi wowalirako. Alendo sazindikira, ine ndimaona tsiku lililonse. Amene mukuyala koyamba, sungani katoni imodzi yosatsegula. Mchenga wobwera ndi nsapato wakalanso njira ya pakhomo, zimene sizikukhudzana ndi kukonza kuja. Ndi khalidwe la vinyl basi. Ndipo magetsi akathima, mbaula isayandikire n'komwe. Khala limodzi logwa limasiya chipsera chosachoka, tili nacho pafupi ndi khomo la kukhitchini.

Tsono za mu kolido. Kumeneko thabwa losweka linali pakati, ndipo kuzula mizere yonse kunaoneka kochuluka chifukwa cha thabwa limodzi. Njira yake ndi yodziwika: kudula losweka n'kulichotsa, kusadza kamlomo kakunsi ka latsopano, kupaka guluu m'mbali, kulilowetsa n'kutsendereza ndi cholemera usiku wonse. Linaoneka bwino kwambiri, ndipo pa simenti yosalala njirayi ndikukhulupirira kuti imakhalitsa. Koma kulowa kwa simenti kunali pomwepo. Mvula isanathe mzere wa guluu unayamba kuoneka, tsopano chikhadabo chimalowa, ndipo thabwa loyandikana nalo layamba kulira.

Mukandifunsa ngati ndingagulenso SPC, pabalaza ndi kuchipinda inde, bola chitsulo choyezera chigonekedwe pansi ndisanalipire katoni ngakhale imodzi. Kukhitchini ndi mu kolido ndingaike matailosi, poti guluu wa matailosi amameza pang'ono kukwera ndi kutsika kwa simenti. Kolidoyo tikudikira kuti kunja kuume, mwezi wa Juni tidzazule yonse, ndipo matumba awiri a simenti yosalazira tagula kale.