Makina okoka utuchi mu shopu yathu: mmene akuyendera patatha miyezi ingapo

Chiwaikireni makina okoka utuchi mu shopu yathu ya ukalipentala, dzinja ladutsa ndipo chilimwe chafikanso, choncho ndili nazo zonena. Athu ndi a mtundu wa cyclone. Fani imakoka mpweya m'mapaipi, utuchi wolemera umazungulira n'kugwera m'diramu, pomwe fumbi losalala limakakodwa m'matumba a nsalu.

Kumbali ya thanzi, ndalama sizinalowe m'madzi. Anyamata opala mlombwa ndi mbawa sakuwerukanso ali mbuu, uku akutsokomola. Nkhaniyi si yaing'ono, pakuti bungwe la IARC, lofufuza za khansa pa dziko lonse, linaika fumbi la matabwa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'mphuno. Pokhecha ndi sandipepa timavalabe masiki, chifukwa fumbi la pamenepo lina limathawa.

Koma anzanga ofuna kugula, mvetsani ichi: fumbi silinathe, tangoliunjika malo amodzi. Fumbi louma likathinana mumpweya wa m'chitsulo chotsekeka, kanthethe kamodzi ka moto n'kokwanira kuphulitsa. M'chaka cha 2008, fakitale ya shuga ya Imperial Sugar ku Port Wentworth m'dziko la America inaphulika ndipo anthu 14 anamwalira. Kuphulika koyamba kunatakasa fumbi limene linali litaunjikana m'nyumbamo, nalonso linayaka. Ngati shuga anachita zimenezo, nanji utuchi wa paini!

N'chifukwa chake makina athu ali kunja kwa chipupa, kutali ndi khomo lotulukira anthu. Mapaipi ndi achitsulo, onse olumikizidwa ku waya wa ethi wopititsa magetsi m'nthaka, chifukwa fumbi likamathamanga m'paipi ya pulasitiki limabala magetsi othetheka. Galainda yonolera mipeni sitinailumikize ku mapaipiwa ndi pang'ono pomwe, poti imathetheka moto. Tinathetsanso chizolowezi chouzira fumbi ndi kompuresa. Loweruka timakwera kukalichotsa pamwamba pa mitanda ndi magetsi ounikira.

Zovuta zilipo. Magetsi akazima mwadzidzidzi, utuchi umagona m'mapaipi. Kuti usagone, mpweya umafunika kuthamanga pafupifupi mamita 20 pa sekondi, ndiye magetsi akabwera timayamba tayatsa fani yokha kwa kanthawi tisanakhudze makina opalira. M'nyengo ya mvula chinyontho chinamata fumbi pa matumba mpaka mphamvu yokoka inachepa. Chimene chinatithandiza ndi kageji kakang'ono kosonyeza kusiyana kwa mphamvu ya mpweya mkati ndi kunja kwa matumba. Muvi wake ukakwera, timazimitsa, kukhoma switchi ndi loko, kenako n'kukutumula matumbawo. Kagejiko ndi kotchipa, koma ndikakaona kakusowa m'mashopu ena mtima umandipweteka.

Phokoso ndi lalikulu, aneba anadandaulapo, ndipo tinachita kumangira mota kanyumba kolowa mphepo. Diramu imene inabwera ndi makinawa ndi yaing'ono pa ntchito ya tsiku lonse. Ikadzaza, utuchi umasefukira m'matumba. Tinapatsa munthu mmodzi udindo wokhuthula madzulo alionse, ndipo zopalapala zoyera amadzatenga ndi oweta nkhuku.

Nditati ndigulenso, ndingagule omwewa, koma ndi diramu yaikulu. Ndipo musanafunse za kukula kwa mota, jambulani kaye papepala pomwe paipi iliyonse idzadutse, makona akhale ochepa, ndipo makina otulutsa utuchi wambiri akhale pafupi ndi fani.