MUBAS kapena MUST: mwana wa ku Chigwa cha Shire asankhe iti?

Nthawi yolembetsa malo a ku yunivesite ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, ikafika, ana ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje omwe akhoza bwino masamu ndi sayansi pa MSCE amavutika kusankha pakati pa MUBAS ya ku Blantyre ndi MUST ya ku Thyolo. Onse ndi mayunivesite a boma, ndipo ngongole ya fizi imapemphedwa ku bungwe limodzi. Amasiyana pa kakhalidwe ka tsiku ndi tsiku komanso pa nzeru zomwe mudzabwere nazo kuno kwathu.

MUBAS ndi ija akuluakulu amangoitchulabe kuti Poly. Idayamba mu 1965 ndipo dzina latsopanoli lidabwera mu 2021, itachoka pansi pa Yunivesite ya Malawi (UNIMA). Ili pa Ginnery Corner, ndipo kwa ife phindu lake loyamba ndi ulendo. Mukakwera minibasi pa Ngabu kapena pa Nchalo, kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa n'kukwera zitunda zija, basi mwafika m'tauni. Maliro akagwa kumudzi mumapita n'kubwerako osaphonya makalasi ambiri, ndipo amayi atha kupatsira kondakitala kathumba ka ufa ndi nsomba zouma. Koma achimwene ndi achemwali, tauni imadya ndalama. Amene sadapeze malo mu hositelo amachita lendi ku Chitawira, Zingwangwa kapena Ndirande, ndipo apo pamabwera za makala, magetsi ndi thiransipoti. Kwa okonda mpira, Kamuzu Stadium ndi yongoyenda wapansi. Tsiku la Bullets ndi Wanderers pamafunika mtima wolimba kuti munthu akhale pa buku.

MUST idayamba kulandira ophunzira mu 2014, pa Ndata, kufupi ndi Goliati. Kuchokera kuno muyenera kukafika kaye ku Limbe n'kukweranso ina, choncho kubwera kumudzi pafupipafupi iwalani. Za kuzizira musazitenge mopepuka. Mwana wokulira pa dzuwa la ku Bangula akakumana ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi amavutika zenizeni, ndiye juzi ndi bulangete lochindikala zigulidwe msanga, ngakhale za pa kaunjika. Komabe malowa ndi abata, zokopa ndalama n'zochepa, ndipo mpira wa miyendo ndi wa manja umaseweredwa pasukulu pomwepo. Amene masewero amawakonda mpaka kufuna kudzadya nawo, kumeneko kuli digiri ya Sports Science.

Ine pamene mtima wanga uli ndi apa. Chaka ndi chaka Shire ndi Ruo zimasefukira m'minda mwathu. Namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira mu 2022, wa Freddy adatisiya m'misasa mu 2023, koma odzatifotokozera za madziwa nthawi zambiri ndi alendo osadziwa ngakhale njira ya ku Makhanga. MUST ili ndi maphunziro a zanyengo ndiponso a kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo ndimalakalaka ana olankhula Chisena ndi Chimang'anja atadzaza makalasi amenewo. Mwana wotere akauza agogo kuti asamukire kumtunda, amamumva.

Izi sizikutanthauza kuti MUBAS ilibe chathu. Ngalande yaikulu ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikuchokera ku Kapichira, idzafuna mainjiniya a zomangamanga oisamalira, ndipo maphunziro amenewo Poly idakhazikika nawo kalekale, pamodzi ndi akaunti ndi utolankhani. Wofuna zimenezi, kapena amene kwawo kuli odwala ofunika kumawaona kawirikawiri, alembe MUBAS poyamba ndipo ayambiretu kufunsa za nyumba kwa anzake omwe ali kale kumeneko, makalata oyitana asanatuluke.