Pulayiwudi, matabwa kapena faibala: boti la thanga kwa ife a m'Blantyre

Chiwonereni boti langa pa damu la Mudi, anzanga sakundipumitsa pa WhatsApp: kodi wofuna kulowa mipikisano ya maboti a thanga asoke la pulayiwudi, akhometse la matabwa ngati a ku Mangochi, kapena angogula lakale la faibala (fibreglass)? Ndiyankhe pano kuti nonse mumvere limodzi.

La faibala ndithane nalo msanga. Ngati mtima wanu uli pa mpikisano waukulu wa pa Nyanja ya Malawi uja, wa makilomita oposa 500 m'nyengo ya mwera, palibe zokambirana, kumeneko amalamulira ndi maboti a faibala a mimba ziwiri monga Hobie 16. Koma kakangothyoka kachitsulo kamodzi ka pa mlongoti, mukhala pamtunda kudikira wobweretsa china kuchokera ku Johannesburg.

La matabwa ndimalipatsa ulemu. Amisiri akunyanja ntchito amaidziwa, ndipo boti lawo silichita mantha ndi mafunde. Kale ankadalira mkungudza wa m'phiri la Mulanje poti suwola msanga ndiponso chiswe sichiufuna, koma lero mtengowu watsala pang'ono kutha ndipo kuudula n'koletsedwa. Mlombwa ndi mbawa zilipo, kungoti mtengo wake ngoboola m'thumba, kulemeranso. Vuto lenileni kwa ife ndi lakuti boti lotere limafuna kukhala m'madzi kuti matabwa afufume, mipata itsekeke. Lathu limagona kuseri kwa nyumba ku Chilomoni kapena ku Namiwawa, dzuwa la Okutobala likuliwamba. Mukalibweza m'madzi, mpikisano wonse mumathera kukapa madzi anzanu akupita. Za paini wamuwisi wa pamsika wa Ndirande musaziganize n'komwe.

Langa ndi la pulayiwudi, la mtundu wa Mirror, umene Jack Holt ndi Barry Bucknell anaukonza ku England mu 1962. Kutalika kwake ndi mamita 3.3, thupi lake lolemera makilogalamu pafupifupi 45, moti anthu awiri amalikweza pamwamba pa galimoto n'kuuyamba wa ku Mangochi kudzera ku Zomba ndi Liwonde. Kamangidwe kake nkosavuta: mumadula zidutswa, kuboola timabowo m'mphepete, kusoka ndi waya wa kopa, kenako kumata msoko ndi tepi ya faibala. Wa ana ang'ono angayambire pa Optimist, kaboti ka mamita 2.3 komwe Clark Mills anakajambula mu 1947.

Tsono apa ndi pamene pali ululu wanga. Sitolo ina ku Limbe inandigulitsa mapulayiwudi odindidwa chidindo chokongola choti ndi a m'madzi, pamtengo woposa wamba kutalitali. Kunja anali osalala, osakayikitsa. Dzinja limodzi lokha litadutsa, pansi pa boti, pafupi ndi kabokosi kolowetsa thabwa lapakati lotsikira m'madzi, panatupa. Nditadina ndi chala panabonya, nditalowetsa mpeni zigawo zinayamba kusendeka ngati masamba a kabichi. M'kati munali mphako zolowa kamtengo ka machesi, guluu wake woyera, wa mtundu wopangira makabati a m'nyumba. Nditabwerera ndi chidutswacho m'manja, mwini sitolo anangoloza pakhoma polembedwa kuti katundu akatuluka sabwezedwa. "Achimwene, ifenso timangolandira," anatero. Mpaka lero ndikadutsa pakhomo pakepo ndimayang'ana kumbali.

Chidindo aliyense angadinde. Pulayiwudi weniweni wa maboti amatsata muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 1088: mukayang'ana m'mphepete, zigawo zimakhala zofanana kuchindikala, zopanda mpata, mzere wa guluu uli wakuda. Musanagule mulu wonse, gulani mmodzi, dulani kachidutswa, kawiritseni mumphika kwa ola lathunthu, kaumitseni, mubwerezenso. Kakakanganuka, ndalama zanu zapulumuka. Wogulitsa akamakwiya ndi mayeso amenewa, mwamva kale yankho.

Pali mtengo wina umene ambiri sauwerengera: epoxy, guluu wolimba womatira misoko ndi kuteteza pulayiwudi ku madzi. Muno imasowa, kuitanitsa kunja kumafuna ndalama zakunja zomwe zikuvutazi, kuphatikizapo mayendedwe ndi msonkho. Kwa ine inadya zambiri kuposa mapulayiwudi onse pamodzi. Ena amathawira ku resin ya polyester imene owongola magalimoto amagwiritsa ntchito. Ndiyotchipa ndithu, koma pa thabwa sigwira mwamphamvu, imadzatukuka madzi akalowa kunsi. Zomangira nazo zikhale za buraasi kapena chitsulo chosachita dzimbiri, osati misomali ya denga.

Ndiye mukandifunsa, ndikuti pulayiwudi, ngakhale anandiliza. Wa faibala andipitirira pa mwera, sindikana, koma langa likabooka Loweruka, Lachitatu ndimakhala nditaligamba ndekha pakhonde. Wofuna kuyamba chaka chino ayambe wapeza epoxy, kenako awiritse kachidutswa kaja, macheka abwere pambuyo.