Fixture ya JSON, factory_boy kapena mock, tigwire iti pa ma test?

Anzanga a Django kuno ku Blantyre, makamaka inu mwangochoka kumene ku MUBAS, nkhani ya data yoyesera ija imangobwerabwera ndiye nayi mbali yanga.

Fixture ya JSON, fayilo yosunga data yokonzeratu, ndi yosavuta poyamba, mungomenya manage.py dumpdata -o maboma.json fayilo yatuluka, mu TestCase mulembe fixtures = ["maboma.json"] basi Django ikweza yokha. Pa zinthu zosasinthasintha ngati maboma 28 a m'Malawi muno musavutike, gwirani iyiyi. Koma pa makasitomala ndi ma oda imatopetsa heve, mukangoonjezera ForeignKey (field yolumikiza table ina ndi inzake) yoti siingakhale yopanda kanthu loaddata ikana, ndiye muziyenda mzere ndi mzere kukonza ma pk (manambala a ID a ma record) pamanja. Ena amachita kukopera database yeniyeni, manambala a 099 ndi 088 a anthu nkukathera pa GitHub. Zimenezo ayi chonde.

Ine mtima wanga uli pa factory_boy, library yopangira data yoyesera mu code momwemo, nzeru yake anaitenga ku factory_bot ya Ruby. Model (class yofotokoza table ya mu database) ikasintha mumakonza malo amodzi, ndipo mukalemba KasitomalaFactory(ngongole=50000) aliyense akuona pompo kuti test ikuyesa munthu wangongole, osachita kukafufuza kuti pk 17 ndi ndani. Chenjerani ndi Faker yekha, library yopeka maina ndi manambala ongoyerekeza, data yake imasintha nthawi iliyonse ndiye test ikhoza kudutsa lero mawa nkugwa. Pomwe database siikufunika gwiritsani build() osati create(), zimathamanga.

Mock ndiye ina, ndi chinthu chongoyerekeza choima m'malo mwa chenicheni, ntchito yake ndi zinthu zakunja. unittest.mock ili kale mu Python kuyambira 3.3 ya mu 2012, palibe za pip install. App yanu ikamalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba simungamaitane API yeniyeni pa test iliyonse eti, bandulo ingathe. Ikani return_value ya malipiro otheka, kenako side_effect ya Timeout muone ngati kasitomala sakudulidwa kawiri netiweki ikathawa.

Vuto MagicMock, class ya mu unittest.mock yopangira ma mock, ali ngati kondakitala wa ku Ndirande, chilichonse amangoti malo alipo, ngakhale mwalakwitsa dzina la method test idutsa bwinobwino. Ikani autospec=True mu patch (function yoika mock m'malo mwa chinthu chenicheni) kuti azikana. Komanso patch muiloze pomwe function ikugwiritsidwa ntchito, ngati views.py yaitenga ndi from malipiro import tumiza, mupatche views.tumiza osati malipiro.tumiza.