Chilango cha Google anachichotsadi, koma funsani kaye amene agwire ntchito yanu

A kampani ina ya ku Lilongwe imene inachotsa chilango cha Google pa tsamba la pa intaneti la loji yathu ndawapatsa nyenyezi zinayi, ndipo yachisanuyo yawathawa chifukwa cha munthu mmodzi yekha. Ndikulembera makamaka anzanga a malo ogona alendo kunyanja kuno, ife amene ndiwo zathu zimadalira mlendo wa ku Germany kapena ku Britain wofufuza pa Google pogona ku Nkhata Bay. Tsamba lako likapanda kuoneka, mlendoyo amakagona kwa mnzako, basi.

Loji yathu ndi yaing'ono. Tsamba anatipangira mnyamata wina wa ku Mzuzu zaka zapitazo, ndipo mwezi ndi mwezi tinkamupatsa kangachepe koti azilikweza pa Google. Mmene ankalikwezera sanatiuzepo. Zinaululika mvula ikupita kumapeto, nthawi imene akunja amayamba kusungitsa zipinda za Juni, Julayi ndi Ogasiti. Maimelo ofunsa malo anangouma. Mwana wanga atalowa mu Search Console, malo amene Google imauzirako mwini tsamba mmene tsamba lake likuyendera, anapeza uthenga pa gawo la zilango lotchedwa Manual actions wakuti "Unnatural links to your site", kutanthauza kuti malinki a pa masamba ena olozera ku tsamba lathu anali achinyengo, ndipo chilangocho chinakhudza tsamba lonse. Ngakhale ulembe dzina la loji yathu lenilenilo, timatuluka pansi pa masamba a anthu ena. Wa ku Mzuzuyo anasiya kuyankha foni tsiku lomwelo, ndipo za iye zithere pomwepa.

Kampani ya ku Lilongwe iyi anandilozera ndi mnzanga wa loji ina. Ndinatenga phukusi lawo la mtengo wapakati, kulipira theka poyamba, theka chilango chikachoka. Si ndalama zochepa, ndipo iwo amati mapulogalamu amene amagwiritsa ntchito, monga Ahrefs, amalipira m'madola, ndiye chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mitengo yawo inakwera nayo. Zimenezo ndinazimva, sindinatsutse.

Vuto linayamba ndi mnyamata amene anandipatsa kuti agwire ntchito yanga. Pa foni yoyamba analankhula ngati nkhaniyi ndi yongopukuta. Anandiuza za Interflora, kampani yogulitsa maluwa ku Britain imene inalangidwa mu 2013 n'kubwerera pasanathe milungu iwiri, ndipo anati ifenso zikhala chimodzimodzi. Sananene kuti ija ndi kampani yaikulu yokhala ndi gulu lonse la anthu ochotsa malinki usana ndi usiku. Ine mtima unakhala pansi, ndinauza ngakhale antchito anga kuti asadandaule za nyengo ya alendo.

Zimene anachita ndinazidziwa pambuyo pake. Anatenga mndandanda wa malinki, anaulowetsa mu pulogalamu ina imene imapereka malikisi osonyeza kuti linki ndi yoipa bwanji, ndipo chilichonse chimene makinawo anachiika chofiira anachiponya mu fayilo ya disavow, imene imauza Google malinki oti isawawerengere. Madzulo a tsiku lomwelo anatumiza reconsideration request, pempho loti Google ichotse chilango, ya mizere itatu yokha, yoonekeratu kuti anangoikopera penapake. Sanalembere mwini tsamba ngakhale mmodzi kumupempha kuti achotse linki, chonsecho malangizo a Google amanena poyera kuti uyambe wayesa kuchotsa malinkiwo, ndipo disavow ikhale ya amene akanika kuchoka. Sananditumizire fayiloyo kuti ndiione. Sanandifunse ngakhale funso limodzi lokhudza anthu amene timagwira nawo ntchito.

Tinadikira, alendo osabwera, kenako yankho linafika lokana. Linabwera ndi zitsanzo za malinki oipa amene anali akadalipo, ina pa tsamba la juga, ina pa tsamba la chilankhulo chimene sindichidziwa n'komwe. Mwana wanga atatsegula fayilo ya mnyamatayo anapeza kuti zitsanzozo munalibe. M'malo mwake munali chinthu chimene chinandiwawa kuposa chilango chenichenicho. Kuli banja lina la ku Germany limene linagona kwathu kalekale, linakonda malo athu, n'kukalemba nkhani yaitali pa tsamba lawo la maulendo, ndi zithunzi za khonde lathu komanso za mpasa umene tinawawotchera. Palibe anawalipira. Alendo ambiri akhala akutiuza kuti anatidziwa kudzera m'nkhani imeneyo. Mnyamatayu analemba domain: kutsogolo kwa dzina la tsamba lawo, kutanthauza kuti anauza Google kuti isawerengere chilichonse chochokera kumeneko. Anachitanso chimodzimodzi ndi tsamba la aneba athu ophunzitsa kusambira pansi pa madzi, amene timatumizirana alendo chaka chonse. Malinki abwino amene tinali nawo, ochita kuwerengeka ndi zala, anawataya, a juga n'kuwasiya.

Ndinamuimbira. Ndinati, "Achimwene, anthu awa mwawachotseranji? Awa ndi alendo athu enieni." Anayankha kuti, "Mayi, izi ndi za technical, simungazimvetse. Makina ndi amene amasankha." Ndinamufunsa ngati anatsegulako tsamba la anthuwo n'kuona ndi maso ake. Anakhala chete, kenako anati ali pa msonkhano, aimbanso. Sanaimbe. Ine ndine munthu wamkulu, bizinesi iyi ndinaiyamba iye asanamalize pulayimale, ndipo mlendo aliyense amene anagonapo pano ndimamudziwa. Za makompyuta sindizidziwa ngati iye, koma kusiyanitsa mlendo wanga ndi tsamba la juga sikufuna digiri. Mawu akuti simungazimvetsewo ndi amene anandilembetsa imelo yofuna ndalama zanga, ndipo ndinaikopera kwa aliyense amene adiresi yake inali pa tsamba lawo.

Apa m'pamene zinthu zinatembenuka. Anandiimbira mayi wina, mmodzi wa eni kampaniyo. Sanayambe ndi kudziteteza. Anati, "Mayi, pepani, takulakwirani. Ndaiona fayiloyo, ndipo munene zoona." Anandiuza kuti ntchitoyo aitenga okha kuyambira pachiyambi popanda kuwonjezera ndalama, ndipo ngati ndikufunabe theka langa lija andibwezera. Anandikhazikanso mtima pansi pa za banja la ku Germany, kuti fayilo yatsopano ukaikweza imalowa m'malo mwa yakale yonse, choncho malinki abwino aja abwerera, ngakhale zimatenga milungu kuti Google idutsenso m'masambawo. Ndinavomera kuti ayese.

Kagwiridwe kawo kanali kosiyana kotheratu. Anasonkhanitsa malinki kuchokera mu Search Console, Ahrefs ndi Majestic, chifukwa akuti palibe malo amodzi amene amaonetsa onse, n'kuwaika mu Google Sheets imene nanenso ndinkatha kutsegula. Mzere uliwonse unali ndi tsamba, mawu amene linkiyo yalembedwapo, chigamulo, ndi tsiku limene alembera mwini tsambalo. Madzulo alendo akadya, ankandiimbira pa WhatsApp ine ndili pa kauntala ndi buku la alendo, iwo n'kumawerenga mayina amene akuwakayikira. Panali tsamba lina la Chidatchi limene iwo ankaliona ngati lachinyengo. Nditamva dzina la mwini wake ndinatsegula buku, ndinapeza siginecha yake, anali mmodzi wa anamwino amene anabwera kudzathandiza pa chipatala china chakuno n'kumagona kwathu kumapeto a sabata. Linki imeneyo inatsala. Panalinso lina limene ine ndinkaliona labwino, chifukwa linali ndi dzina lokongola lonena za mahotela a mu Africa. Anandiuza kuti nditsegule ndipite pansi. Pambali pa dzina lathu panali okonza mapaipi a ku Texas, okongoza ndalama ndi ogulitsa mankhwala ochepetsa thupi, ndipo mawu olozera kwa ife anali akuti "cheap lodge Malawi". Mawu omwewo, osasintha ngakhale chilembo, anali pa masamba ambirimbiri mu mndandandawo. Ndi pamene ndinaona ndi maso anga chimene kangachepe ka mwezi ndi mwezi kaja kankagula.

Anandifotokozera m'Chichewa chomveka kuti Google imawerenga linki ngati umboni wakuti tsamba lako ndi lodalirika, ndiye malinki ogula ali ngati mboni zogula pabwalo la mfumu, zonse zolankhula mawu amodzimodzi. Zikagwidwa, mlandu umagwera amene zimamuikira kumbuyo. Anatinso pali kusiyana pakati pa Penguin, pulogalamu ya Google yosaka yokha malinki achinyengo, imene inayamba mu 2012 ndipo kuyambira 2016 imangonyalanyaza malinki oipa ambiri popanda kukuuza, ndi manual action ngati yathuyi, imene amaika ndi munthu wa ku Google ndipo pempho lako amaliwerenganso ndi munthu. N'chifukwa chake mizere itatu yokopera ija sikanapita patali. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti anandiuza kuti ndikauze anzanga kuti ngati mu Search Console mulibe uthenga wa chilango, asathamangire kulipira munthu wopanga disavow, ngakhale kampani yawo yomwe, chifukwa chida chimenechi chimapweteka tsamba chikagwiritsidwa ntchito mwachisawawa. Wamalonda amene amakuuza nthawi yosamugula malonda ake ndi wosowa.

Makalata opempha kuchotsa malinki anatumiza ambiri. Ambiri sanayankhe, ochepa anachotsa, ndipo ena anayankha kuti tiwalipire madola kaye. Ine ndinali wokonzeka kulipira kuti zithe msanga, koma mayiwo anakana, anati tijambule mayankhowo tisunge ngati umboni, masambawo alowe mu disavow. Panali tsamba limodzi la maulendo limene tinalipiradi kuti litilengeze, ndipo limenelo sanalichotse, anangopempha eni ake kuti aike rel="sponsored" pa linkiyo, chizindikiro chimene Google inayambitsa mu 2019 chosonyeza kuti linki ndi yamalonda. Fayilo yomaliza anandionetsa mzere ndi mzere asanaikweze, ndipo anaikweza pa ma adiresi onse awiri a tsamba lathu, yoyamba ndi https ndi yoyamba ndi http. Pempho lachiwiri linali lalitali. Linafotokoza chimene chinachitika, kuti malinkiwo anagulidwa ndi munthu amene tinamulemba ntchito, zimene zachotsedwa, zimene zakanika, ndipo linalozera ku mndandanda wonse uja. Ndinaliwerenga lisanapite ndipo munalibe bodza.

Kudikira kwachiwiri kunali kwa milungu ingapo, ndipo pa nthawi yonseyo ankandilembera Lachisanu lililonse ngakhale panalibe chatsopano. Uthenga wakuti chilango chachotsedwa unafika m'mawa ndikuwerengera zofunda zochapa. Ndinaimba nthungululu mpaka wophika anatuluka m'khitchini ndi mpeni m'manja kudzaona chachitika.

Musaganize kuti zonse zinabwerera mwakale. Ukalemba dzina la loji yathu tsopano timatuluka pamwamba, ndipo zimenezo zinabwerera msanga. Koma pa mawu amene mlendo wosatidziwa amalemba, tili pa tsamba lachiwiri, pamene kale tinali pa loyamba. Mayiwo anandichenjeza izi ntchito isanathe, kuti malo akale aja ena ankawagwira ndi malinki achinyengo omwewo, ndiye akachoka sungabwerere pomwe unali. Nyengo ya alendo ya chaka chimenecho theka lake linatipita, ndipo gawo lina la nthawi yotayikayo ndimaliwerengera pa mnyamata wa kampani uja, chifukwa pempho likakanidwa umayambiranso pamzere. Panopa maimelo ayambanso kubwera pang'onopang'ono, ndipo upangiri umene anandisiyira ndi wosafuna ndalama: kukonza Google Business Profile yathu, kambiri ka bizinesi kamene kamaoneka pa Google ndi pa mapu ake, kulemba pa tsamba zinthu zimene alendo amafunsa monga za sitima ya Ilala ndi kayendedwe kochokera ku Mzuzu, komanso kupempha amene timagwira nawo ntchito zoona kuti atitchule pa masamba awo.

Zodandaula zina zilipo ndithu. Lipoti lomaliza linabwera m'Chingerezi cholimba chodzaza ndi ma graph, moti ndikanapanda kumva kufotokoza kwa pafoni sindikanatolapo kanthu. Invoisi ya theka lachiwiri inafika tsiku lomwelo chilango chitachoka, liwiro limene sindinalione pa nthawi imene ndinkadandaula. A ku ofesi yawo ya malonda akhala akundiimbira kuti ndilowe phukusi la mwezi ndi mwezi, ndawakana, akuimbabe. Ndipo mnyamata uja mpaka lero sanapepese. Ndikumva kuti akadali pomwepo, zomwe zikutanthauza kuti mawa akhoza kupatsidwa tsamba la wina wa inu.

Ngati mukupita kumeneko, nenani pachiyambi pomwe kuti mukufuna ntchito yanu iyang'aniridwe ndi mmodzi wa eni ake, ndipo mugwirizane polemba kuti fayilo ya disavow ndi reconsideration request sizipita musanazione. Mu Search Console mwini akhale inuyo, iwo muwapatse chilolezo chongogwirira ntchito, ndipo ikatha muwachotse. Pemphaninso kuti akusiyireni mndandanda wa malinki ndi fayilo ya disavow ija, chifukwa tsiku lina mukadzafuna kuwonjezerapo tsamba lina loipa, mudzayenera kukweza fayilo yonse pamodzi ndi mizere yakaleyo.